Fade In: pulogalamu yolembera masewero a kanema imene inandionetsa kuti ndimalankhulitsa anthu mopitirira muyeso

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yapakompyuta yotchedwa Fade In kwa miyezi 14, ndipo m'nthawi imeneyi ndalemberamo sewero limodzi lalitali la kanema, la masamba 96, ndi ena awiri aafupi amene sanafike patali. Ndisanaipeze ndinkalemba m'pulogalamu wamba yolembera makalata, ndipo aliyense amene anayesapo kutero akudziwa mmene ntchitoyo imatopetsera: dzina la mtengambali umachita kulikankhira pakati pa tsamba, mawu ake umawapanikiza wekha kuti akhale m'kadanga kopapatiza, kenako ukangochotsa mzere umodzi pa tsamba 12 umapeza kuti zonse za pa tsamba 40 zasokonekera. Ndinagula Fade In kuti indichotsere vuto limenelo basi, ndipo inandichotseradi tsiku loyamba lomwelo. Koma chifukwa chimene ndikulembera ndemanga ino ndi china, chimene sindinkachiyembekezera, ndipo chikukhudza kalembedwe ka sewero penipenipo.

Pulogalamuyi inapangidwa ndi Kent Tessman, munthu amene nayenso amalemba ndi kujambula mafilimu, ndipo imagwira ntchito pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Pamene ndinkaigula, mtengo wake unali madola 79.95, olipira kamodzi kokha, ndipo akaikonza n'kutulutsa yatsopano amene anagula kale salipiranso. Poyerekeza, Final Draft, pulogalamu ina yolembera masewero a kanema, imene inayamba cha m'ma 1990 ndipo ndi imene makampani ambiri a mafilimu ku America anaizolowera, inkagulitsidwa pafupifupi madola 250. Alembi odziwika monga Rian Johnson ndi Craig Mazin ananenapo poyera kuti amalembera mu Fade In, choncho palibe chifukwa choiganizira kuti ndi ya ophunzira okha. Pali mtundu wake woyeserera waulere, umene umalola kulemba monga mwa nthawi zonse, kungoti sewero likapitirira masamba 10 umayamba kukukumbutsa kuti ugule, ndiponso umadinda chizindikiro pa masamba amene wasindikiza.

Kuti munthu amvetse chimene akugula, ayenera kudziwa kaye chifukwa chake sikiriputi ya filimu imaoneka mmene imaonekeramu. Kaonekedwe kameneka sikanayambe ndi alembi okonda kukongoletsa tsamba, koma ndi anthu owerengera ndalama. M'zaka za m'ma 1910, Thomas Ince, amene anali ndi malo ojambulira mafilimu ku California, ankafuna kuti chilichonse chilembedwe mwatsatanetsatane kamera isanayambe kugwira ntchito, n'cholinga choti adziwiretu malo ofunika, anthu ofunika, masiku ojambula ndi ndalama zimene zidzalowe. Pambuyo pake kunabwera zilembo za Courier, zimene zinapangidwira makina otaipira a kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950. Chilembo chilichonse cha Courier chimatenga malo ofanana ndi chinzake, moti pa saizi 12 mu inchi imodzi mumalowa zilembo 10, kaya ndi "i" wowonda kaya ndi "m" wonenepa. Chifukwa cha zimenezi tsamba limasanduka muyezo, ndipo m'pamene panachokera lamulo lodziwika lija lakuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi ya kanema, moti filimu yaitali imakhala ya masamba 90 mpaka 120. Kumanzere kwa tsamba amasiya inchi imodzi ndi theka kuti pakhale malo oboola, ndipo mawu olankhulidwa amakhala m'kadanga ka mainchi atatu ndi theka, komwe ndi zilembo pafupifupi 35 pa mzere. Fade In imasamala zonsezi yokha. Ukadina Enter kapena Tab imadziwa kuti pambuyo pa mutu wa sini (chigawo cha sewero chochitikira pamalo amodzi) pamabwera zochitika, pambuyo pa dzina pamabwera mawu, ndipo ukalemba chilembo choyamba cha dzina la mtengambali imamalizitsa yokha.

Kadanga ka zilembo 35 kaja n'kamene kanayamba kundiulula. Ife ambiri amene timalemba masewero m'Chichewa tinaleredwa ndi wayilesi, popeza wayilesi ya kanema inafika mochedwa m'Malawi, m'chaka cha 1999, pamene khutu lathu linali litazolowera kale Sewero la Sabata Ino, Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC. Pa wayilesi chilichonse chimayenera kutuluka pakamwa, chifukwa womvera saona kanthu, ndipo mtengambali akanena kuti "Taonani, malume akubwera ndi chikwanje m'manja!" palibe amene amadabwa. Zisudzo za papulatifomu nazonso zimadalira mawu amphamvu oti amveke mpaka kumpando wakumbuyo. Luso limeneli ndi lalikulu ndipo sindikulinyoza, koma ukalitengera ku kanema limalemera, chifukwa kamera yaonetsa kale malumewo ndi chikwanje chawo mtengambali asanatsegule pakamwa. Pa tsamba la makalata, pamene mzere umatalika kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mawu a munthu mmodzi ankaoneka ngati mizere inayi yosalakwa. Nditawakopera mu Fade In anatsika pansi ngati chingwe cha pachitsime, mizere 11 kapena 12, ndipo sindinafunikenso mphunzitsi wondiuza kuti munthuyu akulalikira.

Ndipereke chitsanzo cha sini imodzi ya m'sewero langa, chifukwa ndi pamene ndinaonera phindu la pulogalamuyi bwinobwino. Mayi wina wangotaya mwamuna wake, ndipo patapita masiku atatu chiikireni maliro, mlamu wake wabwera kudzatenga makina osokera amene banjalo limadyerapo. Poyamba sini imeneyi ndinailemba masamba anayi ndi theka. Mlamuyo ankafotokoza kuti makinawo anagulidwa ndi ndalama za mchimwene wake, mayiyo ankayankha kuti iye ndi amene wakhala akusoka zaka zonsezi, mlamuyo ankatchula mwambo, mayiyo ankatchula lamulo, ndipo pomaliza onse awiri anali atanena chilichonse chimene chinali mumtima mwawo, wowonera osasiyiridwa kanthu koti aganize yekha. Inali mlandu wa pabwalo la amfumu, osati filimu.

Fade In ili ndi chida chimene amachitcha Dialogue Tuner, chomwe chimasonkhanitsa mawu onse a mtengambali mmodzi pamalo amodzi, kuchokera pa tsamba loyamba mpaka lomaliza, popanda mawu a anzake kapena zochitika, ndiponso chimaonetsa mawu amene munthuyo amawabwereza kwambiri. Nditatsegula mawu a mayi uja, kenako a mlamu wake, ndinachita manyazi ndekha m'chipinda, chifukwa nditaphimba mayina sindinathe kusiyanitsa kuti akulankhula ndi ndani. Onse awiri ankayamba ziganizo ndi "kunena zoona", onse ankaponya miyambi pa nthawi yofanana, ndipo onse ankalankhula ngati ineyo ndikakhala pamsonkhano. Ndinaonanso chinthu china chimene m'Chingelezi sichingaoneke n'komwe: m'sewero lonse mlamuyo ankanena kuti "inu" kwa mayiyo, kupatula pamalo amodzi pa tsamba 58 pamene ndinalemba "iwe" mosazindikira. Poyamba ndinafuna kukonza ngati cholakwika, koma nditaganiza ndinazindikira kuti liwu limodzilo linali lamphamvu kuposa masamba anayi aja. Mwamuna amene wakhala akunena kuti "alamu, mwaswera bwanji" kwa zaka 15 akangonena kuti "iwe" tsiku limodzi, Mmalawi aliyense wowonera adziwa nthawi yomweyo kuti ubale watha, ndipo safunika kuuzidwa.

Choncho ndinailembanso. Tsopano mlamuyo amalowa, amakhala pampando, amapepesa maliro mwaulemu wonse, ndipo pamene akupepesa maso ake akuyenda m'chipindamo, pa mipando, pa kabati, mpaka kuima pa makina amene aphimbidwa ndi nsalu pakona. Mayiyo akuona kumene maso apita. Amapempha kuti akateleke madzi a tiyi, ndipo podutsa pa makinawo amawerama ngati akutola kanthu, n'kuvula lamba wachikopa amene amalumikiza gudumu lakumunsi ndi lakumwamba, n'kumuzenga m'chiuno pansi pa chitenje. Anyamata amene mlamuyo wabwera nawo amanyamula makinawo, mayiyo osanena kanthu, ndipo ali pakhomo mlamuyo amatembenuka n'kunena kuti, "Iwe, makiyi a kabati ali kuti?" Sini yonse inatsika kufika pa tsamba limodzi ndi kotala, ndipo mawu olankhulidwa ndi mizere 9 yokha, yambiri mwa iyo ndi malonje. Sindikunena kuti pulogalamuyi ndi imene inaganiza za lamba uja. Lambayo ndinamutenga kwa telala wina wa pakhonde la sitolo kwathu, amene ankamuvula madzulo alionse poweruka kuti ana asaseweretse makina. Chimene pulogalamuyi inachita ndi kundiika pamaso pa mawu anga mwa njira yoti sindikanatha kudzinamiza.

Nkhani ya malonje ndiyenera kuikhalira pang'ono, chifukwa mabuku ambiri ophunzitsa kulemba mafilimu, omwe amachokera ku America ndi ku Ulaya, amalangiza kuti uzilowa mu sini mochedwa ndi kutulukamo msanga, ndipo moni amamuona ngati mawu otaya nthawi. Ukayang'ana tsamba mu Fade In umaona chifukwa chake, popeza "Mwadzuka bwanji?", "Ndadzuka bwino, kaya inu?", "Kunyumba ali bwanji?" ndi mayankho ake zimadya theka la tsamba, komwe ndi theka la mphindi. Komabe kwathu kuno moni si mawu opanda pake, ndipo mlembi amene angamudule paliponse chifukwa chotsatira langizo lakunja adzapanga filimu ya anthu opanda khalidwe. Chimene ndaphunzira n'chakuti moni azikhala pokhapo pamene akunyamula kanthu: pamene mpongozi wayankha asanayang'ane kumaso, pamene mwana wapereka moni ali chiimire m'malo mogwada, kapena pamene munthu wafunsidwa za kunyumba n'kuyankha za mvula. Pulogalamuyi imakuuza mtengo wa moni aliyense m'mizere, ndipo zili kwa iwe kuona ngati akuyenera mtengowo.

Lamulo la tsamba limodzi mphindi imodzi nalonso liyenera kutengedwa mosamala ndi wolemba m'Chichewa. Mawu athu ndi aatali chifukwa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi, kukana ndi ulemu pamodzi. Liwu loti "sindikanakukhululukirani" lili ndi zilembo 24, ndipo likakhala pa mzere wa zilembo 35, liwu lotsatira likangotalika pang'ono limagwera pa mzere wina, n'kusiya mpata waukulu kumanja. Zotsatira zake n'zakuti tsamba la zokambirana limadzaza msanga kuposa nthawi imene mawuwo amatenga pakamwa. Titawerenga sewero langa ndi ochita zisudzo asanu ndi mmodzi, titakhala pamabenchi m'holo ya tchalitchi Loweruka lina masana, ine ndili ndi wotchi ya pafoni m'manja, masamba a zokambirana zokhazokha ankatha mphindi isanakwane, pamene sini ya lamba ija, imene ndi tsamba limodzi ndi kotala, inatenga pafupifupi mphindi zitatu titaiyeserera ndi mayendedwe ake onse. Nambala ya masamba imene pulogalamuyi imaonetsa ndi yolondola monga muyezo wa pepala, koma wotchi ndi pakamwa pa anthu ndi zimene zimanena zoona za kutalika kwa filimu.

Pa tsiku lomwelo ndinaonanso ubwino wa zinthu zina zimene poyamba ndinkaziona ngati zokongoletsera. Pulogalamuyi imatha kuika sini iliyonse pa kakhadi kake pa sikirini, ndipo ukasuntha kakhadiko sini yonse imasamuka m'sewero momwe. Nditapaka makhadi a masini onse ochitikira m'nyumba mtundu umodzi, ndinaona kuti kuyambira pa tsamba 30 mpaka 52 anthu anga sanatuluke panja ngakhale kamodzi, ndipo ankangochoka pabalaza kupita kukhitchini n'kubwereranso pabalaza, monga zimakhalira papulatifomu pamene malo osewerera ndi amodzi. Masini awiri ndinawasamutsira kuchigayo ndi pamjigo, osasintha mawu ambiri, ndipo phokoso la chigayo linandipatsa mphatso imene sindinaifune: mtsikana amaulula chinsinsi chake pa nthawi imene makina akulira, mayi ake osamva, koma wowonera n'kumva. Palinso malipoti amene imatulutsa yokha, monga mndandanda wa malo onse ojambulira, wa atengambali ndi masini amene aliyense akupezekamo. Amene amayendetsa ntchito yojambula, yemwe amafuna kudziwa kuti galimoto idzalipiridwa masiku angati ndipo ndi anthu angati amene adzadye nkhomaliro Lachitatu, anasangalala ndi malipotiwa kuposa sewero lenilenilo.

Sewero likafika poti layamba kukonzekeredwa kujambulidwa, Fade In imalola kutseka masamba ndi manambala a masini, kuti ukawonjezera kanthu pambuyo pa tsamba 20 pabwere tsamba 20A m'malo moti masamba onse asunthe. Imatsatiranso mwambo wa mitundu ya mapepala okonzedwa, kuyambira oyera, kenako abuluu, apinki, achikasu ndi obiriwira, ndipo imaika kanyenyezi m'mphepete mwa mzere uliwonse umene wasintha. Kwa gulu limene limasindikiza pa sitolo ya fotokope n'kulipira tsamba lililonse, zimenezi zikutanthauza kusindikiza masamba 6 okha amene asintha m'malo mwa 96 kwa munthu aliyense. Ingokumbukirani kusintha kukula kwa pepala kukhala A4 musanayambe kulemba, chifukwa pepala la ku America ndi lalifupi ndiponso lotambalala pang'ono, ndipo mukasintha mochedwa manambala a masamba amasuntha.

Pa nkhani ya chiyankhulo pali zabwino ndi zosowa. Pulogalamuyi imalandira zilembo za ziyankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo ŵ kwa amene amamulembabe, ndipo mawu a pa mutu wa sini ukhoza kuwasintha mmene ukufunira. Ine ndinayesa kulemba MKATI ndi PANJA m'malo mwa INT. ndi EXT., koma wogwira kamera anandipempha kuti ndibwezeretse zakalezo chifukwa ndi zimene diso lake linazolowera. Nthawi za tsiku zokha ndinaumirira kuzilemba m'Chichewa, popeza M'BANDAKUCHA, M'MAWA, MASANA, CHISISIRA ndi USIKU zimamuuza za kuwala momveka bwino kuposa mawu awiri okha a usana ndi usiku amene amapezeka m'masikiriputi ambiri. Chosowa chachikulu n'chakuti sindinapezemo dikishonale ya Chichewa yothandiza kugwira zilembo zolakwika, moti ukasiya ya Chingelezi ikugwira ntchito tsamba lonse limadzaza mizere yofiira, ndipo chanzeru ndi kungoizimitsa n'kudalira diso lako ndi la mnzako. Malangizo ake ndi mayina a zida zake sali m'Chichewa, ndipo zida zina zabwino, monga Dialogue Tuner yomwe ija, munthu akhoza kukhala miyezi osadziwa kuti zilipo ngati safufuza m'mamenyu.

Ubwino wina umene wolemba wa ku London mwina sangauganizire, koma ife timauwerengera, n'chakuti Fade In imakhala m'kompyuta mwako ndipo siifuna intaneti kuti ulembe. Mapulogalamu ena otchuka, monga Celtx ndi WriterDuet, anakhazikika kwambiri pa intaneti ndi malipiro a mwezi ndi mwezi kapena a pachaka, zimene zimatanthauza bandulo ndi madola osalekeza. Imeneyi ndi yopepuka, imatseguka msanga pa laputopu yanga yakale, ndipo imasunga ntchito yokha pakapita mphindi zingapo. Usiku wina magetsi anazima batire la laputopu litafa kale, ndipo m'mawa ndinapeza kuti ndataya ziganizo zitatu zokha. Imathanso kutsegula ndi kusunga mafayilo a Final Draft, a PDF ndi a Fountain (njira yolembera sikiriputi m'fayilo wamba), choncho wina wakunja akapempha sikiriputi mu fayilo ya Final Draft sukakamizika kugula pulogalamu yodulayo.

Vuto lenileni kwa ambiri lidzakhala kulipira. Madola 79.95 ndi ochepa poyerekeza ndi 250, koma kwa mlembi amene amalandira makwacha, makamaka chichokereni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi ndalama yoti munthu aiganizire kawiri, ndipo pamafunika khadi lakubanki lololedwa kugula zinthu kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikuvuta. Ine anandilipirira ndi mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinamubwezera kudzera kwa mayi athu kumudzi.

Kwa wophunzira wa kusekondale kapena wa kukoleji amene akulemba filimu yake yoyamba ya mphindi 8, sindingalangize kuti agule. Mtundu woyeserera uja umukwanira, ndipo palinso Trelby, pulogalamu ina yomwe ndi yaulere, komanso Fountain, njira yolembera sikiriputi m'fayilo wamba imene John August ndi Stu Maschwitz anaiyambitsa mu 2012, yoti munthu akhoza kulemba ngakhale pafoni n'kudzaikonza pambuyo pake. Koma kwa amene wamaliza kale sewero lalitali ndipo akulowa m'ntchito yolilembanso kachitatu kapena kachinayi, kapena gulu limene lili ndi tsiku loyamba kujambula ndipo masamba akusintha sabata iliyonse, ndalamayo ibwerera pa mapepala osindikiza okha, tisanawerengere n'komwe nthawi. Langizo langa kwa woteroyo ndi lakuti atenge mtundu woyeserera kaye, akoperemo sini imene amainyadira kwambiri pa zonse zimene analembapo, atsegule mawu a atengambali awiri mmodzimmodzi ataphimba mayina ndi chala, ndipo akalephera kuwasiyanitsa ayambe kufunsa achibale amene ali ndi khadi logula kunja.